Malungo sadapezeke, nanga n'chiyani? Mmene achipatala amayezera dengue

Matenda a dengue avutitsa kale mizinda ya ku Mozambique ndi Tanzania kumene Amalawi amapita kawirikawiri. Kuti dokotala awazindikire, amayamba ndi funso limodzi: thupi lidayamba liti kutentha?

Aliyense wa ku Nkando, ku Mulanje, amene adadwalitsapo mwana akuidziwa bwino ndondomeko yake. Wachipatala amapukuta chala ndi thonje la sipiriti, kubaya pang'ono, kutapa kadontho ka magazi n'kudontheza pa kapulasitiki koyera kokhala ndi kawindo. Amawonjezerapo timadzi, kenako onse maso pa kawindo kaja kwa mphindi 15 kapena 20. Mizere ikatuluka iwiri, nkhani yatha: ndi malungo, wodwala alandire mankhwala a LA azipita. Mzere ukatuluka umodzi, m'pamene mutu umaima. Thupi lili moto, mutu ukuwawa koopsa, m'mfundo monse mukuphwanya, chonsecho kachipangizo kakuti malungo mulibe.

Ambiri amatuluka m'chipinda cha adokotala akung'ung'udza kuti angopatsidwa panado basi. Ena amakhotera pagolosale kukagula bufeni kapena asipirini, ena amakapempha LA wotsala kwa aneba, poganiza kuti achipatala sadayeze bwino.

Komatu nthawi zambiri kachipangizo kaja kamakhala kakunena zoona. Matenda otenthetsa thupi alipo ambirimbiri: chibayo, tayifodi, matenda a m'njira ya mkodzo, zilonda za pakhosi ndi mavairasi osiyanasiyana. Pagulu limeneli pali nthenda ina imene zipatala zing'onozing'ono za m'dziko muno siziyeza tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti kutsidya kwa malire yagonekapo anthu ambiri. Dzina lake ndi dengue.

Phunziro la ku Moshi

Kwa zaka zambiri, munthu akangotentha thupi ankapatsidwa mankhwala a malungo osayezedwa n'komwe. Chimene chinkasintha ndi mankhwala okha: mu 1993 dziko la Malawi lidasiya kolokwini n'kuyamba SP, amene ambiri ankangoti fansida, ndipo kumapeto kwa 2007 kudabwera LA. Mu 2010 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo aziyamba wayezedwa, ndipo chaka chotsatira tizipangizo toyezera pachala, timene achipatala amatitcha MRDT, tidafalikira m'zipatala za m'dziko muno.

Kuipa kongoganizira kudaonekera poyera pa kafukufuku wa ku Moshi, kumpoto kwa Tanzania, m'zaka za 2007 ndi 2008. John Crump ndi anzake adatsata odwala 870 amene adagonekedwa m'zipatala ziwiri chifukwa cha kutentha thupi. Mwa iwo, 528 adalembedwa kuti akudwala malungo. Magazi atayezedwa mosamala, odwala malungo enieni adapezeka 14 okha. Ena adali ndi majeremusi m'magazi, ena matenda ochokera ku ziweto ndi makoswe, ndipo ena adali ndi chikungunya, nthenda yofalitsidwa ndi udzudzu womwewo umene umafalitsa dengue.

Mulanje si Moshi ayi. Kuno malungo ndi ochulukadi, makamaka m'dzinja, ndipo kuyeza malungo kuyenera kukhalabe koyambirira. Koma masikito, LA ndi katemera wa ana amene adayamba kuperekedwa m'maboma ena mu Epulo 2019 zikamachepetsa malungo, gawo la odwala otentha thupi chifukwa cha matenda ena limanka likula. Anthu amenewanso akufunika yankho.

Udzudzu wa masana

Dengue amayamba ndi kavairasi kamene kali m'mitundu inayi, ndipo akatswiri amangoitchula ndi manambala, kuyambira 1 mpaka 4. Munthu akadwala mtundu umodzi, thupi lake limatetezeka ku mtundu umenewo moyo wonse, koma itatu inayo ikhoza kudzamugwirabe. Choopsa n'chakuti kudwala kachiwiri ndi mtundu wina kumakonda kukhala kwa kayakaya kuposa koyamba.

Wofalitsa wamkulu ndi udzudzu wotchedwa Aedes aegypti, waung'ono, wakuda, wamawanga oyera m'miyendo. Khalidwe lake n'losiyana ndi la Anopheles wa malungo. Umaluma masana, makamaka m'mawa dzuwa litangotuluka ndi madzulo lisanalowe, nthawi imene anthu sali m'masikito. Komanso sukonda madambo. Umaswana m'madzi osungidwa ndi anthu: m'migolo, m'zigubu zodula pakamwa, m'mitsuko yosavundikira, m'zitini, m'mabotolo osweka ndi m'matayala akutha.

Pamalo ochitira malonda ngati Nkando, tayala lotayidwa kuseri kwa okonza njinga zamoto ndi nyumba yabwino kwambiri ya udzudzu umenewu. Mvula ikagwa madzi amatsalira m'kati, ndipo ngakhale mulitembenuze chotani satuluka onse. M'menemo muli mthunzi, muli kufunda. Udzudzu waukazi umamata mazira ake m'mbali, pamwamba pang'ono pa madzi. Mazirawo amatha kuuma miyezi ingapo osafa. Mvula ina ikabwera amaswa, ndipo pakangotha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono, timphutsi tophiriphitha tija tasanduka udzudzu.

Aedes sauluka mtunda wautali. Moyo wake wonse umathera m'kati mwa mamita mazana ochepa kuchokera pamene adaswedwera. Choncho amene amasamutsa kavairasi kuchoka mzinda wina kupita wina ndi munthu, m'basi kapena palole. Akafika kwawo n'kulumidwa ndi Aedes wa kumeneko, pakapita masiku 8 mpaka 12 udzudzuwo umayamba kupatsira ena.

Wolumidwa amayamba kudwala pakatha masiku 4 mpaka 10. Ambiri samva kalikonse, kapena amangofooka pang'ono n'kuchira okha. Ena thupi limatentha mwadzidzidzi kufika madigiri 40, mutu umawawa makamaka kuseri kwa maso, minofu ndi mfundo zimaphwanya, kumabwera mseru, kusanza ndi zidzolo. Zizindikiro zonsezi zimapezekanso pa malungo, tayifodi kapena chikungunya. Ngakhale dokotala wa zaka zambiri pantchito sangalumbire ndi maso okha.

Njira ya ku Muloza

Nkando ali pamsewu wa Midima umene umachokera ku Limbe kulowera ku Mulanje. Mukadutsa pa Chitakale ndi pa Boma mumakafika ku Muloza, ndipo kutsidya kwake ndi Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, pamene pamayambira njira za ku Mocuba, Quelimane ndi Nampula. Ochita geni ya chimanga, nandolo ndi nsomba zouma amawoloka tsiku ndi tsiku, ndipo mabanja ambiri achilomwe ali ndi abale mbali zonse ziwiri za malire.

Ku Mozambique dengue si mlendo. M'zaka za 1984 ndi 1985 mtundu wachitatu wa kavairasika udabutsa mliri mumzinda wa Pemba. Padapita zaka pafupifupi 30 kuli zii, kenako mu 2014 matendawa adabukanso ku Pemba ndi ku Nampula, ulendo uno ndi mtundu wachiwiri. Ofufuza a ku Instituto Nacional de Saúde, bungwe la boma lofufuza zaumoyo m'dzikomo, atayeza magazi a odwala otentha thupi ku Quelimane adapezamo zizindikiro za dengue ndi chikungunya. Ku Tanzania, mzinda wa Dar es Salaam, kumene amalonda a kuno amakapikula katundu kumsika wa Kariakoo, udakumana ndi mliri mu 2014, ndipo mu 2019 udabweranso waukulu umene udagwira anthu oposa 6,000.

Padziko lonse matendawa akukwera mothamanga. Mu 2023 WHO idalandira malipoti a odwala oposa 6.5 miliyoni, ndipo mu 2024 chiwerengerocho chidadutsa 14 miliyoni. Ku Burkina Faso kokha, mliri wa 2023 udapha anthu pafupifupi 700. Awa ndi amene adalembedwa. Kafukufuku wa Samir Bhatt ndi anzake, amene adatuluka mu 2013 m'magazini ya sayansi ya Nature, adayerekeza kuti kavairasika kamalowa mwa anthu 390 miliyoni chaka chilichonse, ndipo 96 miliyoni mwa iwo amadwala moonekera.

Kusiyana kwa manambala amenewa kukuchokera pa kuyeza. Mu 2011 akatswiri ena adasonkhanitsa malipoti a dengue a mu Africa a zaka 50, kuyambira 1960 mpaka 2010, n'kupeza kuti matendawa adapezekapo m'maiko 34. M'maiko 12 mwa amenewa, umboni wokhawo udachokera kwa alendo amene adakadwalira kwawo atabwerera, n'kuyezedwa m'zipatala za kumeneko. Eni nthaka ankadwala nthenda yomweyo, koma m'mabuku a zipatala zawo inkalembedwa ndi maina ena.

Lero ndi tsiku lachingati?

Njira zoyezera dengue zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi masiku ake. Kuli ngati kulondola wakuba m'munda: ukafika msanga umamupeza iye mwini, ukachedwa umangopeza mapazi, ndipo mapazi sanena kuti adaponda liti.

M'masiku asanu oyambirira kavairasi kamakhala kakuyenda m'magazi. Iyi ndiyo nthawi ya PCR, njira imene ambiri adaimva koyamba nthawi ya Covid-19. Makina ake amafunafuna kachidutswa ka chibadwa cha kavairasi n'kukachulukitsa kambirimbiri mpaka kaoneke. PCR ikati dengue alipo, palibenso kukayika, ndipo imatha kunena kuti ndi mtundu uti pa inayi ija. Vuto lake ndi zofunika zake: labotale yokonzeka, magetsi osathimathima, mankhwala oyezera okwera mtengo, akatswiri, ndi magazi ofika akadali ozizira.

Njira yachiwiri imasaka puloteni yotchedwa NS1, imene kavairasi kamatulutsa m'magazi pamene kakuswana. NS1 imaoneka kuyambira tsiku loyamba mpaka pafupifupi sabata. Ubwino wake ndi wakuti ilipo ya pompopompo, yooneka ndi kugwira ntchito mofanana ndi MRDT, ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 kapena 20. Komabe kwa munthu amene akudwala dengue kachiwiri, NS1 imatha kuphonya, chifukwa asilikali a m'thupi otsala pa kudwala koyamba amaimata n'kuibisa.

Kuyambira tsiku lachinayi kapena lachisanu, kavairasi kamayamba kuzimirira, ndipo zimene zimaoneka ndi mapazi aja. Thupi limakhala litapanga asilikali olimbana nako. Oyamba kutuluka amatchedwa IgM, ndipo amakhalabe m'magazi miyezi iwiri kapena itatu. Pambuyo pawo pamabwera a IgG, amene pa kudwala koyamba amaoneka sabata itatha, n'kukhala zaka zambiri, mwinanso moyo wonse. Pa kudwala kachiwiri zimatembenuka: IgG amakwera msanga ndiponso mochuluka, pamene IgM amatha kukhala ochepa.

Makampani ambiri tsopano amaphatikiza njira ziwiri pa kapulasitiki kamodzi ka mawindo awiri. Windo lina ndi la NS1, linalo lili ndi malo a mizere ya IgM ndi IgG. Pawindo lililonse pali mzere wa C umene uyenera kutuluka nthawi zonse. Ukapanda kutuluka, kachipangizoko n'kowonongeka, katayidwe. Mzere wa NS1 wokha ukutanthauza dengue wa masiku oyambirira. NS1 ndi IgM pamodzi, matenda ali pakati. IgG yekha amangonena kuti munthuyo adakumanapo ndi kavairasika kapena m'bale wake, kaya mwezi watha kaya ali mwana.

Apa m'pamene kuwerenga masiku kumakhala chida. Tiyerekeze kuti mayi wochokera ku Nampula wafika kuchipatala tsiku lachiwiri la kutentha thupi, n'kuyezedwa IgM yekha. Zotsatira zidzati palibe, chonsecho kavairasi kadzaza m'magazi. Mchimwene wake akapirira kunyumba n'kufika tsiku la 8, PCR yokwera mtengo ija ikhoza kutuluka yopanda kanthu, pamene kachipangizo kotchipa ka IgM kakadamugwira. Onse awiri akudwala nthenda imodzi, koma aliyense akufunika choyezera chake.

Anthu ambiri a kumudzi amafika kuchipatala atayamba ayesa za pagolosale, ndipo akafunsidwa tsiku loyambira amangoti ndi masiku angapo. Wachipatala waluso sasiyira pomwepo. Amafunsa ngati wodwalayo adapita kutchalitchi Lamulungu kapena kumzikiti Lachisanu ali bwino, ngati tsiku la msika adakwanitsa kupalasa njinga, mpaka tsiku lenileni lipezeke. Amafunsanso za ulendo uliwonse wa m'masabata awiri apitawo.

Mzere ukhoza kusocheretsa

Kavairasi ka dengue kali ndi abale ake a banja limodzi: Zika, West Nile ndi yellow fever. Asilikali amene thupi limapanga polimbana ndi mmodzi amatha kugwiranso enawo, kotero mzere wa IgM kapena IgG ukhoza kutuluka mwa munthu amene sadadwalepo dengue. Ngakhale katemera wa yellow fever, amene apaulendo amabayitsa kuti apeze khadi lachikasu lowolokera malire ena, amatha kusokoneza zotsatira. Pofuna kutsimikiza, labotale imatenga magazi kawiri motalikirana pafupifupi masabata awiri. Asilikali akakwera kanayi kapena kupitirira, ndiye kuti matendawo adali atsopanodi.

Tizipangizo ta pompopompo nato tili ndi malamulo ake. Timafunika kusungidwa pamalo osapitirira madigiri 30, chinthu chovuta m'sitolo ya malata mwezi wa Okutobala. Kuwerenga zotsatira nthawi itadutsa kumabala mizere yabodza. Ndipo kudera kumene nthenda ndi yosowa, gawo lalikulu la mizere yotuluka limatha kukhala yabodza, choncho odwala oyamba kupezeka nayo pa kachipangizo ayenera kutsimikizidwa ndi PCR mliri usanalengezedwe.

Mizere iwiri ya MRDT nayonso siitseka nkhani. MRDT yambiri imasaka puloteni ya tizirombo ta malungo imene imatsalira m'magazi masabata angapo munthu atachira kale. Komanso malungo ndi dengue zikhoza kugwira munthu mmodzi nthawi imodzi. Wodwala amene wamwa LA bwinobwino masiku atatu koma sakusintha, abwerere kuchipatala.

Zimene wodi ingachite lero

Ngozi ya dengue imabwera pamene mitima ya onse yayamba kukhala pansi. Pakati pa tsiku lachitatu ndi la 7 thupi limazizira, abale amati wodwala wachira, ena amapempha kuti atulutsidwe. Kwa ambiri n'zoona, achiradi. Koma kwa ochepa, maola 24 mpaka 48 otsatirawo ndiwo oopsa: timitsempha timayamba kuchucha, madzi a m'magazi amatayikira m'mimba ndi m'chifuwa, magazi otsala amakhuthala, BP imatsika, ndipo munthu akhoza kukomoka n'kutsikira kuli chete. Makanda, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala shuga ndiwo amafunika diso lapadera.

Chosangalatsa n'chakuti zida zoonera ngoziyi zilipo kale m'zipatala zikuluzikulu za m'maboma ndi za mishoni, kumene odwala a ku Nkando amatumizidwa zikavuta. Chida chachikulu ndi FBC, kuyeza kumene kumawerenga timagulu tosiyanasiyana ta magazi. Pa dengue dokotala amayang'ana zinthu zitatu. Maselo oyera amatsika. Mapulateleti, amene amathandiza magazi kuundana pabala, amagwa kuchoka pamlingo wabwino wa pakati pa 150,000 ndi 450,000 mpaka kutsika pa 100,000. Ndipo PCV, muyeso wa kukhuthala kwa magazi, imakwera. Ikakwera ndi 20 peresenti, ndiye kuti mitsempha ikuchucha ndithu. Malungo nawo amagwetsa mapulateleti, koma iwo amakonda kuchepetsa magazi, kotero PCV imatsika. Kuyeza kamodzi sikukwanira. Chimene chimaulula ndi kusintha kwa manambala pakati pa dzulo ndi lero.

Palinso njira yakale yosalira magetsi. Lamba wa makina oyezera BP amamangidwa pamkono n'kupopedwa kufika pakati pa nambala yapamwamba ndi yapansi. Ngati BP ya wodwala ndi 120 ndi 80, lambayo amaimikidwa pa 100 kwa mphindi zisanu. Akamasula, namwino amayang'anitsitsa khungu la kutsogolo kwa chigongono, pa kagawo ka masentimita awiri ndi theka mbali zonse, n'kuwerenga timadontho ta magazi totuluka pansi pa khungu. Tikafika 10 kapena kupitirira, timitsempha tafooka. Pakhungu lakuda timadontho timeneti timabisala, ndiye pamafunika kuwala kokwanira, ngakhale kuyandikira pawindo. Njirayi siitsimikiza dengue, koma imamutsegula maso dokotala.

Mu 2009 WHO idatulutsa mndandanda wa zizindikiro zochenjeza, ndipo zambiri mwa izo ngakhale wodikirira odwala angathe kuziona: kupweteka kwa m'mimba kosalekeza, kusanza kosadukiza, kamfuno kapena magazi m'nkhama, kufooka kwambiri kapena kusakhazikika, ndi kutupa chifukwa cha madzi. Magazi m'masanzi kapena m'chimbudzi, kupuma mothamanga ndi kuzizira kwa manja ndi mapazi zikutanthauza kuti matenda afika kale poipa. Wodwala woteroyo amafunika diripi yowerengedwa bwino. Ikachepa, BP imagwa. Ikachuluka, madzi amadzaza m'mapapo. Kumene madokotala ndi anamwino adazolowera kusamala zimenezi, omwalira ndi dengue safika mmodzi pa odwala 100 alionse.

Kuyezeranji popeza mankhwala palibe?

Funso limeneli anthu amafunsa, ndipo n'lomveka. Mankhwala opha kavairasi ka dengue palibe. Wodwala pang'ono amangofunika kupuma, kumwa madzi ambiri, Thanzi kapena phala lamadzimadzi, ndi panado. Komabe kudziwa dzina la nthenda kumasintha zambiri.

Poyamba kumapulumutsa munthu ku mankhwala olakwika. Bufeni ndi asipirini, amene ambiri amathamangira akamva kuphwanya, amalepheretsa magazi kuundana ndipo amatha kukanda m'mimba. Kwa munthu amene mapulateleti ake agwa kale, mapilitsi a pagolosale amenewa akhoza kuyambitsa kutaya magazi. Panado amene anthu amamuderera uja ndiye woyenera. Kudziwa kumapewetsanso kumwa LA ndi maantibayotiki pachabe, khalidwe limene likuchititsa kuti mankhwala ambiri asiye kugwira ntchito.

Kumathandizanso dokotala kudziwa tsiku loyenera kukhala tcheru, kusankha woti agonekedwe ndi woti apite kunyumba n'kubweranso mawa. Ndipo kumateteza ena. Wodwala dengue ayenera kugona m'masikito usana ndi usiku sabata yoyamba, kaya ndi kunyumba kaya ndi muwodi, kuti udzudzu usatape kavairasi pa iye. Alangizi a zaumoyo akamva za wodwala mmodzi wotsimikizika, akhoza kuyendera mudzi wake, kukhuthula zitini, kuboola matayala, ndi kulimbikitsa kuti migolo ndi mitsuko izivundikiridwa ndi kukwechedwa m'mbali sabata iliyonse.

Ulendo wa kabotolo ka magazi

Dengue ali pamndandanda wa matenda amene maiko a mu Africa amayang'anira kudzera m'ndondomeko ya IDSR, imene Malawi amaitsatanso. Chipatala chaching'ono chikaona odwala achilendo chimadziwitsa ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo uthenga umakafika ku Public Health Institute of Malawi ku Lilongwe, kumene kuli labotale yaikulu ya dziko. Njira yonyamulira magazi ilipo kale: njinga zamoto za Riders for Health zakhala zikuzungulira zipatala za kumidzi kutenga magazi a odwala HIV ndi makhololo a TB. Magazi a dengue amafunika kutengedwa pamtsempha, kupatulidwa madzi ake, kuikidwa m'kabokosi kozizira, ndi kulembedwa tsiku limene matenda adayamba. Tsikulo likasowa pafomu, wa mulabotale sadziwa kuti ayeze ndi njira iti.

Luso nalo lilipo. Covid-19 atafika mu Epulo 2020, malabotale ambiri a m'dziko muno adaphunzira kugwiritsa ntchito PCR pa mavairasi atsopano. Ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kuli Kamuzu University of Health Sciences ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, amene akhala akufufuza zifukwa za kutentha thupi kwa zaka zambiri. Kuyambira 2018, chipatala cha boma cha Chikwawa chidatenga nawo mbali pa kafukufuku wotchedwa FIEBRE, wotsogozedwa ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, amene adasonkhanitsa magazi a odwala otentha thupi ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi Laos kuti ayezedwe matenda ambiri, kuphatikizapo dengue.

Nyengo nayo ikukankhira nkhaniyi patsogolo. Namondwe wa Freddy atasakaza Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre mu Marichi 2023, mipope ndi mijigo yambiri idawonongeka, ndipo mabanja adakakamizika kusunga madzi m'chilichonse chimene adapeza. Chilala chimachitanso chimodzimodzi, pakuti madzi akasowa mgolo uliwonse umadzazidwa. Zonse ziwiri zimakomera Aedes.

Katemera wa dengue alipo, koma nayenso amadalira kuyeza. Woyamba, Dengvaxia wa kampani ya Sanofi, adavomerezedwa mu 2015. Mu 2017 zidadziwika kuti kwa munthu amene sadadwalepo dengue, katemerayu amawonjezera chiopsezo chodzadwala modetsa nkhawa akadzalumidwa. Nkhaniyi idautsa mapiri pachigwa ku Philippines, kumene ana oposa 800,000 adali atabayidwa kale, ndipo WHO idalangiza kuti munthu aziyamba wayezedwa magazi asanalandire. Wachiwiri, Qdenga wa kampani ya Takeda ya ku Japan, adavomerezedwa ndi WHO mu Meyi 2024, ndipo amalangizidwa kwa ana a zaka 6 mpaka 16 m'madera okhawo mmene dengue ndi wochuluka.

Kuti boma lidziwe ngati dera monga Mulanje lili m'gulu limenelo, akatswiri amayeza magazi a ana a zaka 9 amene sakudwala, n'kuona kuti ndi angati adakumanapo kale ndi kavairasika. Pantchito imeneyi PCR ndi NS1 sizithandiza. Amene amafunika ndi IgG, yemwe uja amene muwodi sanena zambiri za wodwala wa lero, koma amasunga mbiri ya zimene udzudzu wakhala ukuchita m'mudzi zaka zonse zimene mwanayo wakhala ndi moyo.